Zilembo Zachikasu pa Kanema wa Adada

1. Chinsinsi cha pabalaza

Ku Bolero ngakhale mwana wongoyamba kuyenda ankadziwa kuti a Hezron Chavula ndiwo mphunzitsi wa kwaya. Anaphunzitsa sukulu zaka makumi atatu, ndipo atapuma anatsala ndi ntchito imodzi imene ankaikonda kuposa chakudya: kuimika anthu m'mizere ndi kuwaimbitsa do, re, mi mpaka nyimbo italowa m'mutu.

Chimene anthu sankadziwa n'chakuti maso awo anali atafooka. Pepala la nyimbo ankangoliona ngati mapazi a nyerere pa ufa.

Chinsinsichi ankachidziwa anthu atatu okha. Woyamba anali mkazi wawo, namwino wa ku Mwazisi, amene ankabwera kunyumba kumapeto kwa mwezi. Wachiwiri anali mwana wawo wamkulu, Owen, amene ankaphunzira za makompyuta ku Mzuzu. Wachitatu anali mzime wawo, Twambilile, mtsikana wa Fomu 3 amene manja ake sankadziwa kukhala pamiyendo.

Owen ndiye anapeza nzeru. Anatenga kompyuta yakale, n'kuilumikiza ndi chingwe ku TV ya pabalaza, n'kuikamo pulogalamu yoonetsera makanema. Nyimbo yatsopano ikabwera, iye ankailemba m'zilembo za solofa kuti zizituluka pansi pa kanema wa kwaya yoimba nyimboyo, monga mawu omasulira filimu amatulukira. Zilembozo anazikulitsa n'kuzipatsa mtundu wachikasu. Izi zokha ndi zimene maso a bambo ake ankatha kuwerenga.

Kuyambira pamenepo kwaya inkaphunzirira pabalaza pa a Chavula. Iwo ankaima ndi kandodo, n'kumaloza zilembo pa TV ngati pabolodi. Anthu ankati mkuluyu ndi wamakono. Akanadziwa zoona, kwayayo akanawalanda, pakuti mkulu wa mpingo, a Rex Mfune, anali atanena kale kangapo kuti ntchitoyo ikufunika munthu wamagazi atsopano.

Sabata imeneyo kunali nyimbo yovuta. Makwaya onse anaipatsidwa kuti akaimbe pamsonkhano wa ku Rumphi boma. Owen anatumiza zilembo zake Lachitatu, Twambilile n'kuziika mukompyuta monga anamuphunzitsira. Atamaliza anayamba kuyendetsa mausi uku ndi uku, kusuzumira malo amene sanatumidwe. Bambo ake sankaona bwino, koma makutu awo ankamva ngakhale kadinidwe ka batani.

"Twambi, khala apa undimvere," anatero. "Makina awa si wailesi yoti ukaipotokola molakwika umangoibweza. Mlongo wako anakhala masiku atatu akuwakonza kuti agwirizane ndi maso anga. Iwe anakuphunzitsa zinthu ziwiri: kuyatsa, ndi kuika nyimbo imene watumiza. Ziwirizo zikukwanire. Ine ndaphunzitsa ana ambiri chomene, ndipo amene ankandivuta sanali mbuli ayi. Mbuli imafunsa. Ankandivuta ndi ana ochenjera, amene akadziwa theka la chinthu amati theka linalo akalipeza panjira. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ukafuna kusintha kanthu, dikira Owen. Ndipo tsiku lina ukadzalakwitsa, poti munthu salephera kulakwitsa, udzandiuze ine woyamba. Wandimva?"

"Ndamva, adada."

Anamvadi, koma ndi khutu limodzi.

2. Fulashi ya Watipaso

Lachisanu pa buleki kusukulu, mnzake wa Twambilile, Watipaso, anamuseka pamaso pa anzawo.

"Ya kwanu ija ndi TV kapena ndi bolodi ya kuchipatala? Ukayatsa, mizere yokhayokha. Yathu ukayatsa zithunzi zimayenda zokha, mitundu n'kumasintha."

"Ndi mmene Owen anaikira."

"Ndiye Owen akakhala ku Mzuzu iwe ulibe manja? Tenga fulashi iyi. Muli sikini yatsopano. Sikini ndi chovala chabe cha pulogalamu, siikhudza za m'kati. Ine ndinaika ndekha, mphindi zisanu sizinakwane."

Twambilile anailandira kuti asaoneke wamantha. Kafulashiko kanali kochepa ngati chala, koma kanamulemera m'thumba tsiku lonse. Analephera kumvetsera masamu. Analephera kukhala pansi atafika kunyumba. Ankangolowa pabalaza, kuyang'ana kompyuta, n'kutulukanso.

Loweruka m'mawa a Chavula anatenga chipewa chawo.

"Ndikukazonda mnzanga wodwala kuseri kwa msika. Kwaya ibwera 2 koloko. Lero a Mfune akuti abwera kudzamvera, ndiye usese bwino pabalaza."

Sanafike n'komwe pamsewu, fulashi inali italowa kale mukompyuta.

Tisamunamizire Watipaso, mphindi zisanu sizinakwanedi. TV inaphethira kamodzi, kenako inadzuka ili ina. Zithunzi za makanema zinayamba kuyandama, kumbuyo kukusintha mitundu ngati magetsi a paukwati. Twambilile anavina yekha pabalaza, tsache lili m'manja. Anajambula chithunzi n'kumutumizira Watipaso.

Atatha kuvina anati aone nyimbo ya adada mmene ikukongolera m'chovala chatsopano. Anaitsegula. Kwaya ya mukanema inayamba kuimba, koma pansi pake panalibe zilembo zachikasu zija. Panali tizilembo toyera, toonda, timene ngakhale iye wamaso abwino anachita kutsinzinira kuti ationetsetse.

Tsache linagwa pansi.

3. Safunsa

Poyamba sanade nkhawa kwambiri. Anati angovula chovala chatsopanocho, abweze chakale. Koma chovalacho chinali chitasuntha chilichonse. Pamene pankakhala masetingi panali chithunzi cha nyengo. Pamene pankakhala nyimbo panali wotchi yaikulu, ndipo wotchiyo inkanena kuti nthawi ndi 10:20.

Anazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. Zinabwerera zomwezo. Anazula chingwe kukhoma, chinthu chimene Owen anamuletsa kawiri konse. Atachibweza, TV inakhala yakuda nthawi yaitali, mpaka iye anayamba kupemphera mokweza. Kenako zithunzi zoyandama zija zinabwerera, zosasamala za pemphero lake.

Anaimbira Watipaso.

"Kwathu sizinachite zimenezo," anatero mnzakeyo, akutafuna kanthu. "Mwina kompyuta yanu ndi yokalamba. Ine ndikuchapa, tilankhulana."

Anatsala Owen. Twambilile anadina nambala yake, foni inaitana kamodzi, iye n'kuidula. Ankadziwa funso loyamba limene mlongo wakeyo akanafunsa, ndipo ankadziwa kuti lachiwiri likanakhala lakuti, "Adada wawauza?" Posakhalitsa Owen anaimba yekha. Foni inalira patebulo mpaka inatopa, mwini wake akuiyang'ana ngati njoka.

Cha m'ma 11 koloko anapeza kachizindikiro konga giya ya njinga, kobisika pakona. M'menemo munali masetingi. Anabweza chovala chakale, mizere ya bolodi ya kuchipatala ija n'kubwerera. Sanaikondepo chomwecho chibadwire. Koma atatsegula nyimbo, tizilembo tinali tomwe tija. Chovala chinachoka, koma chinasiya fungo lake.

Ndi nthawi imeneyo pamene anamva kandodo kakugogoda pamasitepe. Adada anali atabwerako msanga. Sanalowe m'nyumba. Anakokera mpando pakhonde, pansi pa zenera lenileni la pabalaza, n'kukhala kuti apume.

Twambilile anathamangira rimoti n'kutseka mawu. Nyimbo ikanangomveka, adada akanafunsa chifukwa chake.

Tsopano ankagwira ntchito mwakachetechete, thukuta likutsika m'khosi. Anatsegula malo osinthira zilembo. Anapezamo kamzere kokhala ndi kadontho pakati, ndipo anaganiza kuti n'kokulitsira. Anakokera kadonthoko kumanja, zilembo sizinakule. Anakakokera kumanzere, sizinakulenso. Anakasiya pomwe kanagwera, osaona kuti pambali pake palembedwa nambala imene poyamba panalibe.

Pansi pake ndi pamene anapeza zoona zake: kukula kwa zilembo, ndi mtundu wake. Anakulitsa. Anasankha chikasu. Kompyuta inafunsa m'Chingerezi ngati asunge zonse zimene wasintha, iye n'kuvomera asanamalize kuwerenga.

Zilembo zinabwerera zikuluzikulu, zachikasu, zonga kale. Anaonera kanema yense mpaka kumapeto, milomo ya oimba ikutseguka popanda mawu. Zonse zinkaoneka bwino. Akanakhala kuti ankapita kukwaya akanazindikira kanthu, koma Twambilile masiku a kwaya ankakhala ku netibolo. Kwa iye d, m ndi s zinali zilembo basi.

Kamzere kaja sikanali kokulitsira. Kanali kofulumizitsa kapena kuchedwetsa zilembo. Tsopano mzere uliwonse unkatuluka nthawi yake isanakwane.

4. Tiyi wa masana

Anawapangira adada tiyi ndi mbatata, n'kukawapatsa pakhonde. Kapu inkagogoda pasosala.

"Manja akunjenjemera bwanji?" anafunsa a Chavula.

"Ndatopa ndi kusesa, adada."

"Kusesa kwake kwa phee chonchi? Ine ndakhala pano ola lathunthu, tsache sindinalimve." Anaseka pang'ono, n'kupsontha tiyi. "Makina aja ali bwino? Dzulo magetsi anazima, ndiye nyimbo ija ndangoidutsa kamodzi, Lachinayi. Mawu a sopurano ndawagwira ndi khutu. Koma alito ndi tena samveka bwino mukanemamo. Pamenepo ndidalira zilembo za Owen."

Khomo loti aululire linali limenelo, lotsegula ndithu. Panali maola awiri. Akananena, adada akanakalipa, kenako akanamvetsera nyimboyo limodzi ndi zilembo, ndipo khutu lawo likanagwira vutolo mzere woyamba usanathe. Owen akanawauza pafoni poti adine.

Twambilile anayang'ana nkhuku zimene zinkapalasa pabwalo.

"Ali bwino, adada."

"Yewo, mwana wane. Ukundisunga."

Mawu amenewo anamuwawa kuposa mbama. Analowa kukhitchini n'kuyamba kutsuka mbale zotsuka kale. Anatuluka, n'kulowanso. Kawiri konse anafika pakhomo la pakhonde, kukamwa kutatseguka, koma ankabwerera. Ankadziuza kuti palibe chonena, popeza wakonza.

5. Alito asochera

Pofika 2 koloko pabalaza panali patadzaza. Amayi anakhala pamkeka, abambo anaima kukhoma, nsapato zitaunjikana pakhomo. A Mfune anafika pomalizira atavala jekete ngakhale kunkatentha, pepala la nyimbo lili m'manja. Anawapatsa mpando wa ndalema pafupi ndi zenera.

Twambilile anakhala pakona ndi rimoti. Ntchito yake inali kuimitsa ndi kubweza kanema adada akalamula.

Sopurano anayenda bwino, poti a Chavula anawaphunzitsa kuchokera m'mutu. Kenako anatembenukira kwa amayi a alito, amene ankatsogoleredwa ndi NyaLuhanga, mayi wamawu amphamvu amene anaimba m'kwayamo zaka makumi awiri.

"Alito, maso pandodo. Twambi, yambitsa."

Kanema anayamba. Ndodo inaloza zilembo, a Chavula anaimba zimene ankawerenga, amayi n'kutsatira. Zimene zinamveka pabalazapo sizinali nyimbo. Sopurano ankapita kwawo, alito kwawo, ngati ng'ombe ziwiri zokana goli limodzi.

"Imitsa! Bweza. Amama, mvetserani bwino."

Anayambanso. Zinaipa chimodzimodzi. A Chavula anasendera pafupi ndi TV. Anayambanso kachitatu, ndipo ulendo uno anasendera mpaka mphuno inatsala pang'ono kukhudza galasi. Khutu linkawauza china, zilembo zinkawauza china, ndipo kwa nthawi yoyamba anthu anaona ndodo yawo ikuzengereza m'malere.

"Asambizgi," anatero NyaLuhanga mwaulemu, poti ndi mmene onse ankawatchulira aphunzitsiwo m'Chitumbuka, "pamenepa pakundikana pakhosi. Kapena ndine ndakalamba?"

Wina kumbuyo anaseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono.

Tsopano mawu atatsegulidwa, ngakhale Twambilile ankaona. Zilembo zinkasintha oimba a mukanema asanamalize mzere. Anakumbukira kadontho kaja.

A Mfune anavala magalasi awo, n'kuyang'ana pepala, n'kuyang'ana TV, n'kuyang'ananso pepala.

"A Chavula, pamene oimbawo ali pamzere wachiwiri, pepala likuti mi, mi, fa. Inu mukuphunzitsa so, la, so. Kodi zimene zili pagalasizo munazifananiza ndi pepala?"

A Chavula anatsitsa kandodo, a Mfune n'kupitiriza.

"Ndikufunsa chifukwa mphunzitsi akayang'ana papepala kamodzi kokha, cholakwa chotere amachiona."

Twambilile anaona dzanja la bambo ake likufinya kandodo. Miyendo yake inaimirira iye asanaiuze.

6. Pepala

"Ndine, adada."

Mitu yonse inatembenukira pakona.

"Ndine ndasokoneza. M'mawa ndinaika zinthu za mufulashi ya mnzanga, zilembo zinachepa. Pokonza ndinakoka malo olakwika. Ndinayesa mawu atatsekedwa kuti musamve. Munandifunsa masana ndinanama." Misozi inali itayamba, koma anapitiriza. "Adada sanalakwitse, a Mfune. Ndipatseni mphindi ziwiri, ndikudziwa pamene ndinakhudza."

A Mfune anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Mwana iwe, wachita bwino kuimirira. Ambiri amsinkhu wako akanakhala chete, bambo awo n'kumanyozeka. Koma tamvera. Kunena zoona si sopo woti ukangopaka, zonse zayera. Anthu awa asiya minda yawo, ena achokera kutali wapansi, ndipo ola lathunthu lapita akuphunzira zolakwika. Nyimbo yolakwika ikalowa m'mutu imavuta kuizula kuposa yatsopano. Ana a masiku ano mumaganiza kuti chilichonse chili ndi batani lobwezera m'mbuyo. Pamakina mwina lilipo. Pa anthu palibe. Madzi akatayika saoleka. Mphindi ziwiri zakozo sunga, ukakonze tikapita. Ife sitidikiranso makina amene mwana angathe kuwasokoneza m'mawa umodzi."

Anaimirira, n'kuyenda mpaka pakati pa balaza.

"Zimitsa TV."

"Koma a Mfune, chonde..."

"Zimitsa, mwana wanga. Makolo athu anaimba nyimbo zovuta kuposa iyi magetsi asanafike ku Bolero." Anatambasula dzanja. "A Chavula, pepala ili. Tiphunzitseni alito monga kale, nthawi yatha."

Twambilile anadina batani, galasi n'kuda. Anafuna kukuwa, kugwetsa kapu, kuchita chilichonse choti anthu ayang'ane kwina. Panalibe chochita.

A Chavula analandira pepalalo. Analiyandikitsa kumaso. Analitalikitsa. Anatembenukira kuzenera kuti kuwala kuligwere, milomo yawo ikugwedezeka popanda mawu. NyaLuhanga anaweramitsa mutu, ndipo amayi ena anayamba kuyang'ana mkeka.

Kenako mkuluyo anapinda pepalalo bwinobwino, n'kulibweza ndi manja awiri.

"A Mfune, sindinama pamaso pa mwana amene wangonena zoona. Pepalali sindikuliona. Papita chaka ndi theka."

Panja nkhuku inalira, ndipo patali pankamveka minibasi ikuitanira anthu a ku Rumphi.

A Mfune anaima nthawi yaitali pepala lili m'manja. Nkhope yawo sinaonetse kukondwa, ndipo zimenezo zinamuopsa Twambilile kuposa akanaseka.

"Kwaya ibalalike," anatero potsiriza, motsitsa mawu. "Akulu a mpingo tikumana Lachitatu, 3 koloko. Nkhaniyi sindingaisunge ndekha, a Chavula, mukudziwa."

"Ndikudziwa."

Anthu anatuluka mmodzimmodzi, aliyense akufunafuna nsapato zake mosalankhula. A Mfune atafika pakhomo anatembenuka. Sanayang'ane a Chavula. Anayang'ana mtsikana amene anali ataima pakona, rimoti ili m'manja.

"Iwenso ubwere Lachitatulo. Akulu adzafuna kumva kwa iwe ngati makinawa angadaliridwe, ndiponso ngati iwe ungadaliridwe. Za bambo ako tidzagamula tikamva zimenezo."